Pikapu Yoyera ndi Batire la Amake Abigail

Kumudzi kwa akazi awo a Hana, m'mapiri a pakati pa Nachisaka ndi Ntchisi, a Malizani anakhalako zaka zoposa makumi atatu, koma mlendo akafunsa njira anthu ankamuuzabe kuti apite kwa akamwini a galimoto aja. Anabwera kudzakwatira akadali wokweza mabelo a fodya pa lole, ndipo pamene imvi zinkawayeretsa m'mutu anali atayendetsa chilichonse chokhala ndi chiwongolero: malole, minibasi ya pa Mponela, thirakitala ya pa esiteti ina ku Kasungu. Kwawo kwenikweni kunali ku Chezi, koma kumeneko makolo anatha kalekale, munda anagawana ana a alongo awo, ndipo akapitako pa maliro ankawayalira mkeka wa alendo. Choncho bambo wamkuluyo anali mlendo mbali zonse ziwiri, kupatula m'nyumba imodzi ya malata a dzimbiri mmene munali a Hana.

Anali munthu wamfupi, wa mawu ochepa, wosalawa mowa, amene pa Sabata ankakhala pa benchi lakumbuyo kuti azitha kusuzumira pawindo n'kuona ngati galimoto ili bwino. Zaka za kumapetozi ankayendetsa pikapu ya bungwe la alimi a soya ndi mtedza, chigalimoto chabuluu chimene anthu ankachitcha Mkhalakale. Chitseko chake ankachimanga ndi lamba wa chubu, ndipo chikamabwera chinkamveka chikadali kuseri kwa phiri, moti amayi ankayamba kusoka matumba asanachione. Bungwe linkawalola kugona nacho kumudzi, poti kumeneko ndiko kunali pafupi ndi alimi, komanso panalibe wakuba wopanda nzeru woti n'kuchisirira.

A Hana anali ndi mphumu. Anakula nayo, koma zaka zosankha fodya m'chigafa zinaikulitsa, ndipo nyengo yachisanu ikafika chifuwa chawo chinkalira ngati chitseko chosowa mafuta. Kampope kopopera m'kamwa kankathandiza masiku abwino okha. Zikavuta sankatha n'komwe kukoka mpweya woti mankhwalawo alowe. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Abigail, mphunzitsi wa pa Mponela, ndiye anawabweretsera kamakina kosandutsa mankhwala kukhala nthunzi yoti azipumira pang'onopang'ono. Kamakinako kankafuna magetsi, ndipo kumudziko magetsi ankangowaona pa mitengo ya kumsewu waukulu.

Abigail anali atabwera ndi maganizo ake kale: amayi asamukire ku Mponela, kunyumba ya magetsi, pafupi ndi chipatala. A Hana anakana kwamtuwagalu, amvekere iwo si katundu woti azikasungidwa kwa mkamwini. A Malizani anali ndi nkhawa yawoyawo. Ankadziwa kuti iwo sakanatha kuwatsatira. Ntchito yawo inali m'mapiri muno, nyumba ya Abigail inali ya zipinda ziwiri, ndipo bambo wamkulu sagona pabalaza pa mpongozi wake. A Hana kupita ku Mponela kunali kuwasiya iwo okha pamudzi wa eni. Ndiye anatuluka panja, n'kubwera atanyamula batire la galimoto ndi inveta, kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa m'tauni. Analumikiza, kamakina kanayamba kung'ung'udza, nthunzi n'kutuluka.

Abigail anayang'ana nthunziyo nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, ababa. Koma tsiku limene kamakina aka kadzasowe moto amayi akubanika, ndidzabwera kudzawatenga, ndipo inu simudzandiletsa."

A Malizani anavomera akuseka. Kodi dalaivala angasowe moto?

Ndipo kwa zaka zingapo sanausowedi. Mabatire anali awiri. Limodzi linkatsala m'nyumba kudikira a Hana, linzake linkapita nawo kuntchito litakhala kuseri kwa mpando, litalumikizidwa ndi mawaya awiri ochokera ku injini. Madzulo ankasinthanitsa. Pafupi ndi chiwongolero anali ndi kamita ka manambala ofiira kosonyeza mphamvu ya moto, ndipo lamulo lake, lomwe dalaivala aliyense wa msinkhu wawo analiphunzira asanamere ndevu, linali losavuta. Injini ikulira, kamita kakasonyeza 14, ndiye kuti galimoto ikudyetsa batire. Kakatsikira pa 12, ndiye kuti olitaneta, chida chopanga moto chija, yafa, ndipo yamba kuyang'ana anthu okukankha. Mkhalakale anali ndi matenda onse a galimoto, koma pa nkhani ya 14 sanawanamizepo. Kukwera, kutsika, m'matope, m'fumbi, nambalayo inkangokhala phee.

Ngakhale zinali choncho, a Malizani ndiwo anali patsogolo kudandaula kuti bungwe likufunika galimoto yatsopano. Ankatero pamisonkhano, ankateronso m'mapemphero. Walira mvula walira matope. Chaka chatha, mvula itangosiya, abwenzi akunja a bungwelo anabweretsa pikapu yoyera mbee, mipando ikadali m'mapepala. Abusa anaipempherera, amayi a chigwirizano analuluta, ndipo a Gabriel, mkulu wa ofesi ya bungwe, mnyamata wophunzira ndi waulemu, anawapatsa makiyi pamaso pa anthu onse. Ananenanso pamaso pa anthu onse omwewo zimene eni mphatso anasiya atanena: galimotoyi si yonyamula matola, ndipo aliyense wokhudza mawaya ake adzasiya makiyi tsiku lomwelo, chifukwa ogulitsa sadzaikonzanso ulere. Mkhalakale anamugula munthu wina wogulitsa mbuzi, n'kupita naye ku Dedza.

A Malizani anaombera nawo m'manja, koma mawa lake m'mamawa anali atagona chagada pansi pa pikapuyo, akupititsa mawaya awo mobisa, mwaluso loti ngakhale iwo eni ankavutika kuwaona. Sankadziona ngati wakuba. Moto wa galimoto ndi ngati madzi a mumtsinje, ankatero mumtima, ukatungako mtsinje suchepa.

Analiza injini, kamita kanasonyeza 14, mtima unakhala pansi. Koma asanafike ngakhale pa mjigo wa kusukulu, nambala ija inayamba kutsika: 13, kenako 12 ndi kanthu. Anaima, anatsegula boneti, anagwira lamba wa injini, zonse zinali bwinobwino. Anapitirira. Pokwera chitunda cha kumanda nambala inakakamira pa 12. Atangopendekera kutsidya n'kuchotsa phazi pa mafuta, inalumpha mpaka pafupi ndi 15, nambala yomwe pa galimoto yakale ikanatanthauza kuti batire likuwira. Pofika pachidikha inagwanso. Tsiku lonse zinali zomwezo. Anaganiza kuti kamita ndiko kapenga, anagula kena pa Nachisaka, ndipo katsopanoko kanapenga chimodzimodzi.

Madzulo batire linafika kunyumba lili ndi moto, koma wosakhuta. Mlungu usanathe anazindikira kuti mabatire onse awiri akuwonda. Babu la pabalaza linkawala mofiirira, ndipo inveta inkayamba kulira kuti tswii, tswii, mankhwala a a Hana asanathe m'kachikho ka kamakina.

Anapita kwa a Gabriel n'kunena kuti galimoto yabwera ndi matenda. A Gabriel sanatsutse. Anati munthu amene wakhala pa chiwongolero zaka zonsezi sangadandaule pachabe, ndipo anapitira limodzi ku Lilongwe kwa ogulitsa. A Malizani anachotsa mawaya awo asananyamuke. Kugalaja kuja, koyera ngati chipatala, anawalandira mtsikana wovala ovololo yopanda ndi dontho lomwe la mafuta. Analumikiza kompyuta, anawerenga, anaiyendetsa pang'ono, ndipo pobwera anawafotokozera mofatsa, mowalemekeza, ngati akufotokozera bambo ake omubereka. Galimotoyo inalibe vuto. Inapangidwa choncho. Ili ndi nzeru zake zoyang'anira batire: ikaona kuti muli moto wokwanira kulizira injini, imapumitsa olitaneta kuti isamwe mafuta ambiri. Siidzaza batire dala, imasiya malo, kuti potsetsereka, pomwe mateyala akuzungulitsa injini ulere, iponyemo moto wosagula.

"Nanga munthu atafuna kuti idzaze ndithu, mpaka pakamwa?" anafunsa a Malizani.

"Idzaze chifukwa chiyani, ababa? Yakanapo kulira?"

A Gabriel anali ataima pomwepo, makutu ali tcheru. A Malizani anayang'ana pansi, n'kuyankha kuti ayi, sinakanepo. Kunena zoona kukanakhala kusiya makiyi, ndipo wosiya makiyi akanasiya ndi moto wochepa womwewo. Pobwerera a Gabriel anali wokondwa, akuyamikira nzeru za azungu ndi kuchepa kwa mafuta, pamene mnzawoyo ankangoyang'ana msewu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo galimoto inali bwinobwino ndipo iwo analibe choti aikonze.

A Malizani atawafotokozera a Hana zimenezi, mayiwo anaseka mpaka kutsokomola. Amvekere ndiye kuti azungu apanga galimoto yaumbombo ngati azakhali awo a Veronika, omwe ankayeza mchere ndi chikhadabo. A Malizani anasekako, koma kuseka kwake kunathera m'mano.

Anayesa zimene munthu angayese. Pa Mponela panali Kalebe, wokonza za magetsi a galimoto, amene ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa msika. Kalebe anakanda m'mutu n'kunena kuti zagalimoto zatsopanozi zamuthera nzeru nayenso. Anati kulipo kabokosi kochokera ku Joni kokakamiza moto kulowa m'batire lachiwiri, ndipo atatchula mtengo wake onse awiri anangoyang'anana. Anati angathenso kuzula kachida kali pa mutu wa batire kuti galimoto izingopereka 14 ngati zakale, koma pamenepo nyali yochenjeza iyaka kutsogoloku, ndipo bwana akangokwera aiona. Kusiya batire kwa Kalebe kuti litchajidwe pa magetsi kunathandiza kangapo, koma pikapu inkafika ku Mponela mwa apo ndi apo, ndipo kawiri konse anapeza magetsi atazima kuyambira dzulo lake, batire lili momwe analisiyira. Kasola komwe Abigail anawagulira kankakwanitsa foni ndi babu basi.

"Madala, yesani kuyatsa nyali," anatero Kalebe pomaliza. "Ikaona kuti nyali zikudya moto, mwina ichita manyazi n'kuwonjezerako."

Zinathandizadi pang'ono. Nyali zikayaka nambala inkakwera kufika pa 13 ndi kanthu. Kuyambira pamenepo pikapu yoyera inkayenda m'midzi nyali zili ngwee dzuwa lili paliwombo. Koma kwathu kuno galimoto yoyenda pang'onopang'ono masana nyali zikuyaka imatanthauza chinthu chimodzi. Opalasa njinga ankatsika, abambo ankavula zipewa, amayi a pa mjigo ankasiya kupopa n'kufunsana kuti watisiya ndani. A Elifala, mlongo wawo wamkulu wa a Hana, yemwe anali mwinimbumba wa pabanjapo, anawaimitsa tsiku lina pamphambano n'kuwafunsa ngati akufuna kuitanira mudzi maliro. A Malizani anapepesa, anazimitsa, ndipo atangokhota pa nsungwi anayatsanso.

Anayambanso kusankha njira ndi maso ena. Dalaivala aliyense amakonda msewu wachidule ndi wosalala, koma iwo anayamba kusaka mitsetse. Ankadziwa phiri lililonse la ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndipo tsopano ankaliyeza ndi kutalika kwa kutsika kwake. Potsika ankaika giya yaing'ono, phazi kutali ndi mafuta, diso limodzi pamsewu, linalo pa kamita, akuwerengera mumtima kuti uwu ndi mpweya wa amake Abigail ukulowa. Tsoka lake, phiri lililonse lotsika umayamba walikwera, ndipo pokwerapo galimoto inkabweza dzanja. Komanso pikapuyo inali ndi kachida kouza ofesi kumene ili. A Gabriel anawafunsa mwaulemu chifukwa chimene ulendo wa ku Nachisaka unkadzera kumapiri a ku Ntchisi. A Malizani ananamizira mlatho wogumuka, ndipo bodzalo linawawawa kuposa mmene kukanawawira kukalipiridwa.

Chinawapweteka koposa chinali chakuti a Hana anayamba kuwathandiza. Ankazimitsa kamakina mankhwala asanathe, n'kunena kuti apeza bwino, chifuwa chikumveka mpaka pakhonde. Babu analeka kuyatsa, amvekere kuwala kukuwapweteka m'maso. Abigail akaimba foni ankayamba apuma kaye kangapo, ndiye n'kuyankha mwamphamvu kuti kuno kulibe vuto, kamakina kakugwira ntchito ngati katsopano. Akatero ankawapatsira foni amuna awo kuti avomereze, ndipo iwo ankavomereza. Anthu awiri okalamba, akuluakulu a mumpingo, ankanamiza mwana wawo mogwirizana chifukwa choopa kusiyana. A Malizani ankachita manyazi, ankachitanso mantha, ndipo sankadziwa kuti mwa ziwirizi chachikulu n'chiti.

Julayi anafika ndi nkhungu yake. M'mapiri muja nkhungu ikagwa imatha masiku osachoka, kamvula kowaza kakungonyowetsa udzu, dzuwa osaoneka ngakhale pang'ono. Lachisanu lina madzulo a Hana anabanika kwambiri. Batire la m'nyumba linagwira kanthawi, inveta n'kuyamba kulira. Anasinthira linzake lomwe linali litangofika kuchokera kuntchito, nalonso silinapite patali. A Malizani sanaganize kawiri. Anatenga sipanala, anatsegula boneti, anamasula batire la pikapu yeniyeniyo n'kulowa nalo m'nyumba. Nthawi ya Mkhalakale anachitapo zotere kangapo konse popanda chovuta. Kamakina kanang'ung'udza ndi mawu ake akale, a Hana anapuma, ndipo anawagwira dzanja amuna awo.

Loweruka lonse chifuwa chinkabwerera. Chikatseka, kamakina, chikamasuka, kadikire pang'ono, chikatsekanso, kamakina. A Malizani anaganizako zokabwezera batire kuti alize injini kwa kanthawi, koma nthawi iliyonse akati anyamule, a Hana ankayambanso kufunafuna mpweya, ndipo iwo ankalisiya. Anadzilimbitsa mtima kuti batire latsopano ndi lalikulu. Anaiwala, kapena anasankha kuiwala, kuti galimoto ija sinalidzazepo chiyambire, ndiponso kuti miyezi yonseyi mabatire awo ofooka ankaliyamwa kudzera m'mawaya aja.

Pa Sabata m'mawa, belu loyamba la kutchalitchi litangolira, mankhwala analeka kugwira. Milomo ya a Hana inayamba kuda, ndipo ankalankhula ndi maso okha. Panalibenso za kamakina, pankafunika chipatala cha mishoni, kutsidya kwa mapiri awiri. A Malizani anathamanga ndi batire, analimanga, anabwerera n'kunyamula akazi awo m'bulangete, mothandizana ndi a Lidia, akazi a a Elifala. Anapotokola kiyi. Tinyali takutsogolo tinaphethira, pansi pa boneti panamveka kuti kete, kete, kenako zii.

Sanataye mtima, chifukwa pa vuto ili dalaivala wa m'mapiri amakhala atakonzekera kale. Nyumba yawo inali pamtunda, ndipo galimoto ankaiimika nthawi zonse itayang'ana kumunsi. Batire likafooka umangoikankha, ikathamanga umaponya giya yachiwiri n'kusiya kilatchi, injini imadzuka yokha. Anaitana abambo omwe ankadutsa kupita kutchalitchi. Anabwera ali m'majekete, Mabaibulo anawasanjika pa chitsa, a Elifala ali patsogolo. Anakankha. Pikapu inayamba kuyenda, inathamanga, a Malizani anasiya kilatchi. Galimoto inagwedezeka, injini inazungulira, koma sinagwire. Anaponda, anaisiya ithamangenso, anasiyanso kilatchi. Mateyala anakhwekhwereza pa dothi lonyowa. Injini inazungulira bwino lomwe, ngati ya galimoto ina iliyonse, koma nzeru zija zimene zimatsegulira mafuta zinkafuna moto wawo kuti zidzuke, ndipo motowo unathera m'chifuwa cha a Hana.

Anayesa mpaka mtsetse unatha. Pikapu inakaima kudambo, pafupi ndi madimba, pamene msewu umayamba kukwera. Kumbuyo phiri, kutsogolo phiri. Abambo aja anafika akupuma wefuwefu, nsapato za pa Sabata zili matope okhaokha, ndipo anaima mozungulira kudikira kuti dalaivala anene chochita. A Malizani anapotokolanso kiyi, ngakhale ankadziwa. Anatsegula boneti n'kuyang'ana zophimba zapulasitiki zosalala, zopanda poti munthu n'kugwira. Pa Mkhalakale akanadziwa waya woti agunditse, paipi yoti ayamwe. Apa anangoima, sipanala ili m'manja, akumva akazi awo akukoka mpweya m'galimotomo ngati munthu wokoka ndowa m'chitsime chakuya. Anasowa mtengo wogwira.

A Elifala ndiwo anatuma munthu kukaitana wa kabaza wa njinga yamoto. Anawakweza a Hana pakati, a Lidia kumbuyo atawakumbatira, n'kuwamanga onse awiri ndi chitenje. Malo a munthu wachinayi panalibe. Njinga inakwera chitunda n'kulowa mu nkhungu, ndipo a Malizani, amene anaperekezapo kuchipatala amayi oyembekezera ndi odwala a mudzi wonse, anaitsatira wapansi. Anayamba n'kuthamanga, koma miyendo ya zaka zawo inawakumbutsa msanga, ndipo mtunda wotsalawo anangoyenda akulira poyera, osasamala wowaona.

A Hana sanamwalire. Anafika mochedwa koma osati mochedweratu, ndipo anagonekedwa masiku angapo ali ndi chopumira kumphuno. Abigail anafika tsiku lomwelo. Bambo ake ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina zikanawapepukira, koma iye anangokhala nawo pabenchi la panja n'kuwapatsa tiyi wa m'fulasiki. A Lidia anali atamuuza kale zonse, za babu, za nyali za masana, za mankhwala otsala m'kachikho. Abigail anangoti wakonza kale chipinda, ana ake azigona pabalaza. Sanawakumbutse za pangano lija, ndipo iwo sanatsutse.

A Gabriel anatumiza Kalebe ndi batire lina kukadzutsa pikapu, ndipo mawaya aja anaoneka. Sanawalande a Malizani makiyi. Anawaitanira mu ofesi, anatseka chitseko, n'kuwafunsa chifukwa chimene sanawauzire. A Malizani anafunsa ngati akanawalola akanawauza. A Gabriel anavomera kuti sakudziwa. Mawaya anachotsedwa, nkhani inathera pomwepo, ndipo tsiku lotulutsa a Hana m'chipatala a Gabriel anapereka okha pikapuyo kuti ikawasiye ku Mponela.

Katundu wake sanali wambiri: sutikesi, kamakina, mtondo waung'ono umene a Hana anakana kuusiya, ndi nkhuku ziwiri za adzukulu. A Elifala anabwera kuchipatala kudzatsanzikana, ndipo anakhala nthawi ndithu ndi mlongo wawo akuyankhulana motsitsa mawu, a Malizani akumanga katundu. Mumsewu a Hana ankangonena za kubwerera. Amvekere chisanu chikangotha, Okutobala akafika ndi kutentha kwake, chifuwa chidzamasuka ndipo adzabwera kudzabzala ndi mvula yoyamba. Anawalangiza za mbewu ya mtedza ili m'nkhokwe, kuti asaidye. A Malizani ankangovomera, ndipo pang'ono ndi pang'ono anayamba kukhulupirira.

Ku Mponela a Alexio, amuna a Abigail, anawalandira mwaulemu wonse, anawaikira a Malizani mpando pakhonde, iwo n'kukakhala chapatali monga mwa mwambo. M'chipinda muja Abigail analowetsa chingwe cha kamakina pakhoma, ndipo kanalira mwamphamvu, mosadodoma, mawu amene a Malizani ankawakumbukira a masiku a Mkhalakale. Anasangalala, ndipo chisangalalocho chinawalasa. Dzuwa litapendeka anaimirira kuti azipita, poti galimoto inali ya eni. A Hana anawaperekeza pang'onopang'ono mpaka pageti, atagwira mpanda. Anawakonza kolala ya jekete, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati ana akumva.

"Bambo a Abigail, ndayankhula ndi achimwene. Ndawauza kuti nyumba ija musatulukemo, ndipo dimba la kudambo muzilima ndinu. Avomera. Wina aliyense akadzakuvutitsani, mudzawakumbutse kuti ndinanena ndine, ndili moyo, ndi pakamwa panga."

A Malizani anawayang'ana. Munthu wobwerera mu Okutobala sasiya mawu otere. Anafuna kukana, kunena kuti zimenezo n'zosafunika, kuti adzapeza kabokosi ka ku Joni kaja, kuti adzagula sola yaikulu, koma a Hana anali kuwayang'ana ndi maso owapempha kuti asawavutitse ndi zimenezo. Zaka zonse zija ankaganiza kuti ndi iwo amene akusunga mkazi wawo pamudzi paja, osadziwa kuti nayenso mkaziyo ankawerengera za tsiku limene sadzakhalapo kuti awasunge.

"Mwachita bwino, amake Abigail," anatero a Malizani. "Zikomo."